Kulira ngati kalulu kuti koyoti abwere

Mbandakucha wa mwezi wa Malichi m'mapiri a ku Wyoming, ku America, kumazizira mpaka mpweya wotuluka m'kamwa kuundana pa ndevu. Mlimi wa ng'ombe amadzuka kukadali mdima, natenga tochi kukayendera ng'ombe zake za bere. Ndi nyengo yoswa. Miyezi yotentha ng'ombezi zimadya kumtunda, m'nkhalango za boma momwe alimi amalipira kuti adyetseremo ziweto, koma sinowo (chipale chofewa) akayamba kugwa amazitsitsira kuchigwa, kufupi ndi nyumba, n'kumazipatsa udzu wouma. Tsiku lina mlimiyo afika pakona pa mpanda n'kupeza thole lili gone, mimba yong'ambika, make ali chilili pambali akulira, pa sinowo pali timapazi tonga ta galu tozungulira malo onsewo. Thole limenelo likanakula mpaka Okutobala likanagulitsidwa madola oposa 1,000. Asanabwerere n'kunyumba komwe, mlimi watchula kale dzina la wopalamula: koyoti.

Koyoti ndi mbale wake wa galu ndi mmbulu. Amene anaonapo nkhandwe sangavutike kumuyerekeza. Mphuno ndi yosongoka, makutu ndi oima, mchira ndi wa ubweya wambiri ndipo umaloza pansi akamathamanga, kungoti iye ndi wamkulupo, wolemera makilogalamu 10 mpaka 16 kumadzulo kwa America. Dzinali linachokera kwa Aaziteki a ku Mexico omwe ankamutcha coyotl, pomwe a sayansi amati Canis latrans, kutanthauza galu wouwa. Ndi dzina lomuyenera. Usiku akoyoti awiri okha akayamba kukuwa, mawu awo amakwera n'kutsika, kusweka n'kulukana, mpaka womvera patali amalumbira kuti alipo asanu ndi atatu. Kulongolola kumeneku ndiko kunapatsa alenje polowera. Nyama imene imadalira makutu ake chonchi ikhoza kunamizidwa ndi mawu.

Kumuthamangitsa wapansi n'kudzivuta chabe, chifukwa amafika liwiro la makilomita 60 pa ola ndipo fungo la munthu amalimva ali kutali. Choncho mlenje amakhala pansi n'kumuitana. Chida chakale ndi kachitoliro kotalika ngati chala, ka mtengo, nyanga kapena pulasitiki, kokhala ndi kalilime kopyapyala. Mlenje amakaika pakamwa, kufumbata kumapeto kwake, n'kumauzira kuchokera pamimba uku akutsegula ndi kutseka zala. Chotuluka ndi kulira kwa kalulu amene wagwidwa ndi kadzidzi kapena wakodwa pa waya, kulira kosasa, kwa mantha, konga kwa khanda, kokwera msanga kenako n'kumazilala ngati mphamvu zikutha. Munthu woyamba kukumva thupi limachita tsembwe. Kwa koyoti wanjala uthenga wake ndi woti nyama yagwa, wochedwa akapeza ubweya wokhawokha.

Kampani ya Burnham Brothers ya ku Texas inatchukitsa tizitoliro timeneti m'zaka za m'ma 1950. Lero alenje ambiri amanyamula sipika ya mabatire yoyendera rimoti, monga zopangidwa ndi kampani ya FOXPRO ku Pennsylvania, yokhala ndi mawu ojambulidwa mazanamazana. Ubwino wake ndi woti amaiika patali, mamita 30 kapena 50 kuchokera pomwe wakhala, kuti maso a koyoti akhale pa sipikayo. Ena amaonjezapo kachidole ka nthenga komwe kamaphiriphitha ngati kanyama kovulala. Komabe akamuna a ntchitoyi sasiya kachitoliro m'khosi, chifukwa mawu a mu sipika ndi omwewomwewo amene mlenje wina analiza dzulo kuseri kwa phiri, pomwe a pakamwa safanana.

Mawu amatsata nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala kalulu ndiye amagwira ntchito, chifukwa ana obadwa chaka chimenecho amakhala atachoka kwa makolo, akungoyendayenda ndi njala, asanaonepo mfuti. Januwale ndi Febuluwale ndi nyengo yokwerana, ndipo mtima wa koyoti sukhalanso pa chakudya kwenikweni. Apa mlenje amalankhula chikoyoti chenicheni: kukuwa kamodzi kwakutali konga kwa mlendo wosokera, kapena kulira kofewa kwa wamkazi wofuna mnzake. Akoyoti amakhala awiriawiri, mwamuna ndi mkazi, nthawi zambiri mpaka mmodzi atafa, ndipo banja lililonse lili ndi dera lake lomwe limalondera mwansanje. Mlendo akakuwa pakati pa dera lawo, eni ake amabwera ubweya wa pamsana utaima. Ikafika Epulo ndi Meyi ana ali kuuna, mawu amene amawathamangitsa opanda kuganiza ndi a kamwana kopwetekedwa.

Kuliza chitoliro munthu amaphunzira sabata imodzi. Chimene chimatenga zaka ndi mphepo, ndipo m'mapiri mphepo ili ndi khalidwe lakelake. Usiku ndi m'mawa kwambiri mpweya wozizira umatsetsereka kutsata makwawa ngati madzi, kutenga fungo la munthu kupita nalo kuchigwa. Dzuwa likangowomba pamtsetse, mpweya umatembenuka n'kuyamba kukwera. Mlenje amene anakhala pabwino 6 koloko akhoza kupezeka kuti pofika hafu pasiti 8 fungo lake likupita kumene akuyembekeza nyama. N'chifukwa chake ambiri amayenda ndi kabotolo ka ufa wopepuka, kumafinya pang'ono n'kuona komwe ukulowera.

Tiyeni timutsatire mmodzi. Galimoto waisiya kuseri kwa chitunda, chitseko watseka mochita kukankha ndi dzanja kuti chisalire. Wayenda theka la kilomita mphepo ikumuomba kumaso. Sanadutse pamwamba penipeni pa chitunda, poti munthu woima pamenepo amaoneka ngati mtengo woyenda. Wachita kuzembera m'mbali n'kukhala pansi pang'ono, msana wotsamira chitsamba, dzuwa lili kumbuyo kwake kuti limuthobwe m'maso wobwerayo. Mfuti waigoneka pa timitengo tiwiri topingasa. Wakhala duu mphindi zingapo kuti tchire liiwale kuti mwalowa munthu. Kenako wayamba, motsitsa kaye, kuopa kudzidzimutsa amene wagona pafupi. Masekondi 30 a kulira, zii, kenako kuliranso mokwezako. Maso okha ndiwo akuyenda, khosi ayi. Pa mphindi ya chisanu ndi chiwiri mbalame ya magpie, yakuda ndi yoyera, yatulukira m'khwawa ikudumpha kuchoka pa chitsamba china kupita pa china. Mbalameyi imakonda kutsatira koyoti kuti itoleko zotsala, ndipo mlenje wodziwa amayang'ana pansi pake. Ndi uyo, kadontho kotuwa pa sinowo. Wabwera chothamanga mpaka mamita 200, waima, wakweza mphuno, n'kuyamba kukhota. Akufuna azungulire kufika kumene mphepo ikulowera, kuti mphuno itsimikize zimene makutu amva. Akangofika pamzere wa fungo la munthu, basi, wapita. Mlenje ali ndi masekondi ochepa. Amauwa kamodzi ndi pakamwa, koyoti n'kuima chilili kuti aone, ndipo mpata ndi umenewo.

Mfuti zake ndi za zipolopolo zing'onozing'ono zaliwiro, monga .223 Remington ndi .22-250, zomwe siziononga chikopa kwambiri. Pakatha mphindi 20 kapena 30 popanda chobwera, amanyamuka kukayesa kilomita imodzi kapena awiri kutsogolo. Masiku ambiri amabwerera chimanjamanja. Ndipo koyoti amene waphonyedwa kamodzi waphunzira. Ulendo wina akamva kalulu yemweyo amakhala pansi pachitunda chakutali, kumene chipolopolo sichingafike, n'kumauwa mochenjeza anzake onse a m'chigwamo. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Apa ndi pomwe nkhani imavuta, ndipo ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Funso loyamba ndi loti: kodi koyoti anaphadi thole lija? Iye amadya chilichonse. Chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ndi mbewa, akalulu, agologolo a pansi, ziwala, zipatso ndi nyama yofa yokha. Nyengo yoswa amazungulira ng'ombe chifukwa cha nsengwa zotsala ndi ndowe za matole akhanda, zomwe zimakhala ndi mafuta a mkaka woyamba. Kumuona pakati pa ng'ombe si umboni. Odziwa ntchito amasenda chikopa cha tholelo. Ngati pansi pa mabala a mano pali magazi oundana, ndiye kuti mtima unali ukugunda pomwe linkalumidwa. Ngati palibe, linafa kale ndipo koyoti anangolipeza. Amayang'ananso ziboda: thole limabadwa ndi kachikuto kofewa kunsi kwa ziboda komwe kamaperepeseka likangoyenda, choncho ngati kakadalipo, silinaimirirepo. Amatsegula chifu kuona ngati muli mkaka. Matole ambiri amene koyoti amanamiziridwa anafa pobadwa kapena ndi chisanu.

Koma amaphadi, tisamuyeretse. Amapezerera msoti woswa koyamba umene wagona pansi ukuvutika, nthawi zina kuyamba kudya thole lisanatuluke lonse n'kuvulaza make yemwe. Amapezerera thole losiyidwa lokha make atapita kukamwa madzi. Alimi amadziwanso matole oduka michira, omwe anapulumuka atagwidwa kumbuyo. Kafukufuku wa unduna wa zaulimi wa dziko la America wa chaka cha 2015 anapeza kuti mwa matole ophedwa ndi zilombo, oposa theka anaphedwa ndi akoyoti. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti zilombo zonse pamodzi zinapha matole 11 okha pa 100 alionse amene anafa, ndipo pa ng'ombe zazikulu zinapha ziwiri zokha pa 100. Zotsalazo zinafa ndi matenda a m'mapapo, a m'mimba, mavuto a pobereka ndi nyengo yoipa. Ziwerengero za dziko lonse sizitonthoza munthu amene wataya matole asanu sabata imodzi, pakuti vutoli siligawidwa mofanana. Famu ina imatha zaka osataya ngakhale limodzi, yoyandikana nayo ikulira chaka ndi chaka.

America wakhala pa nkhondo ndi nyamayi zaka zoposa 100. Mu 1931 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Animal Damage Control Act lopatsa boma mphamvu yothana ndi zilombo zovutitsa alimi. Anathira poizoni m'mitembo ya akavalo n'kuimwaza m'tchire, woyamba strychnine, kenako wina wotchedwa Compound 1080, yemwe ankaphanso ziombankhanga, zimbalangondo ndi agalu a anthu, mpaka Pulezidenti Richard Nixon analetsa poizoni wotere pa malo a boma mu 1972. Pambuyo pake boma linalolanso kachida kotchedwa M-44, kokhomedwa pansi, komwe kamalavulira poizoni wa cyanide m'kamwa mwa nyama imene yakakoka. Mu 2017 kachida kotere kanapha galu ndi kuvulaza mnyamata wa zaka 14 pafupi ndi nyumba yawo ku Pocatello, m'chigawo cha Idaho, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Mpaka lero nthambi ya boma ya Wildlife Services imapha akoyoti pakati pa 55,000 ndi 70,000 pa chaka, ambiri mwa iwo powawombera kuchokera mu ndege ndi helikopita nthawi ya sinowo pomwe alibe pobisala. Alenje wamba ndi otchera misampha amapha ochuluka kuposa pamenepo.

Zotsatira zake? Koyoti, amene kale ankapezeka makamaka m'zigwa za udzu ndi m'zipululu za pakati ndi kumadzulo, tsopano ali ponseponse kuyambira ku Alaska mpaka ku Panama. Ali m'chigawo chilichonse cha America kupatula Hawaii. Ali mumzinda wa Chicago, momwe katswiri wina, Stanley Gehrt, wakhala akuwatsata kuyambira chaka cha 2000. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti nkhondo yomweyo inatha mimbulu, yomwe ndiyo inkapha akoyoti ndi kuwapanikiza. Walira mvula walira matope. Mimbulu itabwezeretsedwa ku nkhalango yotetezedwa ya Yellowstone mu 1995, akoyoti a kumpoto kwa nkhalangoyo anachepa pafupifupi ndi theka m'zaka zochepa.

Chifukwa china chili m'thupi mwa koyoti mwenimwenimo. Pamene sakuvutitsidwa, m'banja lililonse amabereka ndi mayi mmodzi yekha, kamodzi pa chaka, atatenga bere masiku pafupifupi 63, ndipo ana ambiri amafa asanathe chaka. Akaphedwa ambiri, chakudya chimachuluka kwa otsala, aakazi aang'ono omwe akanadikira amayamba kubereka, ndipo ana opulumuka amachuluka. Frederick Knowlton, pofufuza ku Texas, analemba mu 1972 kuti kumene akoyoti sankaphedwa kwambiri mayi ankakhala ndi ana pafupifupi anayi, pomwe kumene ankaphedwa kwambiri ankafika pafupifupi asanu ndi awiri. Mu 1975 akatswiri awiri a ku California, Connolly ndi Longhurst, anawerengera kuti ngakhale mutapha 75 pa 100 alionse chaka ndi chaka osadumphitsa, pangatenge zaka zoposa 50 kuti atheretu. Komanso m'tchire mumakhala akoyoti ambiri opanda dera, oyendayenda m'malire mwa anzawo, omwe amalowa m'malo mwa ophedwa pakangotha masabata ochepa. Alimi a nkhosa a ku Karoo ku South Africa, omwe nawonso amaitana nkhandwe usiku ndi sipika, akulimbana ndi mutu womwewu.

Ndiye kodi kuitana koyoti n'kopanda phindu kwa mlimi? Ine sindikuona choncho, koma phindu lake lagona pa kudziwa amene mukumufuna. Pa famu ya kafukufuku ya Hopland, ya University of California, anaveka akoyoti makolala a wailesi n'kupeza kuti amene ankapha nkhosa kwambiri anali makolo, eni dera, maka pamene dera lawo lalowana ndi msipu wa ziweto. Akachotsa amenewo, kuphedwa kwa nkhosa kunkaima kwa kanthawi. Akapha ena ongodutsa, palibe chinkasintha. Ku Wyoming, kafukufuku wa mu 1983 anaonetsa kuti kungochotsa ana kuuna, makolo n'kuwasiya amoyo, kunachepetsa kwambiri kuphedwa kwa nkhosa, kusonyeza kuti chowakankhira ku nyama zikuluzikulu ndi kudyetsa ana. Ku Utah anayesa kufula mabanja ena a akoyoti kuti asabereke. Anapitiriza kulondera madera awo ndi kuthamangitsa alendo, koma ana a nkhosa ankapha ochepa. Kafukufuku wambiriyu ndi wa nkhosa, zomwe koyoti amazipha mosavuta kuposa ng'ombe, koma khalidwe la nyamayo ndi lomwelo.

Tikaziika pamodzi tiona chinthu chowawa. Koyoti wosavuta kumuitana, uja wothamangira kalulu mu Novembala lilime lili panja, kawirikawiri ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri amene sanalawepo thole. Wopalamula weniweni ndi nkhalakale ya zaka zinayi kapena zisanu, imene yamvapo nyimbo zonse za mu sipika ndipo imabwera usiku wokha. Mlenje amene wapha khumi mu Novembala makilomita 20 kuchokera kumene ng'ombe zimaswera wasangalala, ndipo mwina wapeza zikopa, koma matole a Malichi sanawateteze. Amene amathandizadi mlimi ndi uja wobwera m'mawa wotsatira tsoka, n'kutsata mapazi kuchokera pa thole lakufa, kudziwa khwawa limene banjalo limagona, n'kukhala pamenepo ndi mawu a mlendo wolanda dera. Mwina atenga masiku atatu kuti aphe mmodzi kapena awiri. Ntchito yake ndi yochepa poiwerenga, koma ndi imene imaletsa imfa m'khola.

N'chifukwa chake mipikisano yopha akoyoti, momwe magulu amapikisana kuti ndani abweretse mitembo yambiri pa Loweruka ndi Lamlungu, imandivuta kuivomereza ikamatchedwa yoteteza ziweto. California inaletsa kupereka mphoto pa mipikisano yotere mu 2014, ndipo zigawo monga New Mexico, Arizona ndi Colorado zinatsatira. Kwina zinthu zili mwina. Utah inayamba mu 2012 kulipira madola 50 pa koyoti aliyense wophedwa, ati pofuna kuteteza agwape a m'tchire. Ku Wyoming lamulo limamuika m'gulu la zilombo zoti munthu akhoza kupha chaka chonse popanda laisensi. Izi zikutanthauza kuti mayi woyamwitsa akhoza kuwomberedwa mu Meyi, ana n'kufera kuuna ndi njala, ndipo alenje ambiri aulemu wawo amaika mfuti pansi miyezi imeneyo pokhapokha ngati pali ziweto zikuphedwa. Ndalama ya zikopa nayo inatsika. Chikopa chabwino ndi cha Novembala mpaka Januwale, chotuwa, cha ubweya wothithikana, ndipo kwa zaka zingapo chinkagulidwa bwino chifukwa cha majekete a kampani ya Canada Goose, mpaka kampaniyo inalengeza mu 2021 kuti ikusiya kugwiritsa ntchito ubweya wa nyama.

Alimi amene sataya matole ambiri amachita zinthu zosamveka patali. Misoti yoswa koyamba amaiika pafupi ndi nyumba n'kumaiyendera maola awiri kapena atatu alionse usiku wonse. Ng'ombe ikafa saitaya kuseri kwa khola, amaikwirira kapena kuipititsa kutali, pakuti dzenje la mitembo limasonkhanitsa akoyoti a dera lonse ndi kuwazoloweza kukoma kwa nyama ya ng'ombe. Ena anasuntha nyengo yoswa kuifikitsa mu Meyi, pomwe kwafunda, matole amadzuka msanga ndipo tchire ladzaza ndi mbewa ndi agologolo. Ena amasunga agalu akuluakulu olondera a mtundu wa Great Pyrenees kapena Akbash, ngakhale kuti amenewa amagwira bwino pa nkhosa zoyenda pamodzi kuposa pa ng'ombe zomwazikana m'phiri. Ndipo amasankha ng'ombe zaukali pa ana. Mayi amene amaweramitsa mutu n'kuthamangitsa chilichonse choyandikira thole lake amamusunga, ngakhale amavutitsa tsiku loboola makutu.

Palinso alimi amene mlenje akabwera pageti kudzapempha chilolezo amamulozera mbali imodzi ya famu n'kumuletsa ina. Kumtunda kwa mtsinje uko pitani, kumeneko ndinataya awiri. Koma banja la kudambo lija musalikhudze. Akhala nalo zaka zinayi, amaliona m'mawa uliwonse likudumphira mbewa m'munda wa udzu pakati pa ng'ombe zoswa, ndipo silinagwirepo thole. Agologolo ndi mbewa zimene limadya zikanatha udzu ndi kukumba maenje othyola miyendo ya akavalo. Likaphedwa, dera silikhala lopanda mwini. Pofika mwezi wamawa mwalowa ena, ndipo mlimi sakudziwa kuti amenewo anakulira kudya chiyani.